Ndawasudzula Atate

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ndine Jesina, mwana wanu woyamba, uja munkati miyendo yake imafika mutu usanafike. Kalatayi ndaiyamba katatu. Koyamba ndinadzuka kukaingitsa nkhuku pa mphale yomwe ndayanika, kachiwiri ndinakaona mbuzi zomwe ndinali nditaziona kale, kachitatu sindikudziwa n'komwe chomwe ndinadzukira. Mtima wanga sukukhala pansi. Pali chimene ndachita chokhudza Atate, ndipo pakamwa panga sipanauze munthu aliyense, ngakhale bambo a Lute amene ndimagona nawo nyumba imodzi. Ndikuuzani lero, koma mundilole ndiyambe ndi za pakhomo, chifukwa inu munkadana ndi munthu wofikira kutula nkhani yolemera asanapereke moni.

Lute wachira, Amayi. Mdzukulu wanu uja munkamunena kuti sadzatha kusenza mtsuko wopanda kutaya madzi, lero ndi mayi. Mwana ndi wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Aginesi. Chipumi ndi chanu chenicheni, kulira kwake nakonso n'kwa munthu wosafuna kuyankhidwa. Anabadwa masana ndege ikuzungulira kumalire, azamba akukuwa kuti limbika, ndege nayo ikukuwa zake. Chimanga cha munda wakumtunda chinachita bwino chaka chino, mtedza pang'ono chabe. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula ya kumapeto, bambo a Lute akuti afolera, koma mukuwadziwa apongozi anu, mawa lawo limatalika. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Mlongo wanga Filipo ali kumigodi, makalata anga awiri sanayankhe, mwina kumigodiko pensulo zinatha.

Tsopano dzinja lachiwiri latha chikuperekezereni, ndipo sindinapondepo pamanda panu ngakhale kamodzi. Musandiyese mwana wotayika. Mukukumbuka mmene munkasekera za mtsinje wa Kaphinde? Munkati nyumba yanu ili mu Zambia, dziko la ufulu, koma dimba lanu ndi manda a mbumba yanu zili tsidya, kwa Apwitikizi, ndiye mukadzafa tidzakutumizani kunja kwa dziko wopanda chiphaso. Tinakutumizanidi, tinakuwolotsani pa miyala ija madzi akufika m'mawondo, ndipo palibe anatifunsa kanthu. Patangopita miyezi itatu asilikali a Chipwitikizi anabwera ndi malole n'kumanga msasa paphiri la Chimwala. Akuti akusaka anyamata omenyera ufulu amene amabisala m'tchire. Midzi yonse ya tsidya anaisonkhanitsa pamalo amodzi n'kuizinga ndi waya waminga, nyumba zakale n'kuzitentha. M'njira anakwiriramo mabomba. Mlongo wanu a Zakeyo, amalume anga, ali m'kati mwa wayamo pamodzi ndi akazi awo.

Dimba lanu ndinalisiya ndi nzimbe zake, nthochi zake, anyezi atangoyamba kumene kukhwima. Ndimaliona ndikaima pachulu, lasanduka tchire. Ng'ombe zanu ziwiri zolimira zija, Sitima ndi Kapiteni, palibenso. Sitima anawoloka yekha kutsata msipu umene anauzolowera, tinangomva chiphuliko, nyama yake sitinatole n'komwe. Kapiteni anatsala yekha, ndipo ng'ombe imodzi sikoka pulawo. Bambo a Lute anaikusa mpaka ku Katete kukagulitsa kwa a Yusufu opha ng'ombe aja. Anapeza khola lawo ladzaza kale ndi ng'ombe za anthu akumalire, aliyense akugulitsa asanaphedwere, ndiye mtengo wake unali wochititsa manyazi. A Yusufu anawonjezerapo thumba la mchere chifukwa cha chisoni. Chaka chino talima ndi makasu monga munkalimira muli mtsikana, ndipo msana wanga ukudziwa.

Ndiye kuli alendo. Marita, mwana wa amalume, anathawa m'wayamo ndi ana ake asanu, mwamuna wake atatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali. Anafika miyendo itatupa, mwana wamng'ono ali kumsana wopanda kansalu kalikonse. Pambuyo pake kunabwera ena amene ndimangowadziwa nkhope, kenaka ena amene sindiwadziwa n'komwe. Inu munkati munthu akafika pakhomo usamufunse kuti achoka liti, ndipo sindinafunse. Koma Amayi, nkhokwe yomwe inkatifikitsa mpaka chimanga chachiwisi inatha mvula isanagwe. Tinadya mbewu ya mtedza. Tinadya ndi mawere omwe ndinasunga m'nkhali kuti ndidzafululire mowa wa maliro anu. Tsiku lomwe ndinakatula nkhaliyo ndinalira ndekha kuseri kwa nyumba, kenaka ndinakapera, ana anadya phala.

Nthawi zina ndimakwiya kwambiri. Ndege ija ikamazungulira tsiku lonse pamwamba pa tchire lopanda kanthu, ndimadzifunsa kuti mafuta omwe ikumwawo angagule ng'ombe zingati. Mtsinje umatibweretsera zitini zopanda kanthu zomwe asilikali adya nsomba, ana amatolera n'kumamwera madzi. Zonsezo amalipira ndani? Marita akuti msonkho tsidyalo sunaleke, ngakhale munthu ali m'waya wopanda munda. Bambo a Lute anamva ku Katete kwa anthu a wayilesi kuti kwawoko Apwitikizi nawonso ndi amphawi, anyamata awo amachita kugwidwa kuti abwere kuno, amayi awo n'kutsala akulima okha. Ndiye ndani akupindula? Ife tatha, a tsidya atha, eni nkhondo nawonso akuti akutha. Ndikaganiza zimenezi ndimadzuka n'kuyamba kusesa pabwalo poti ndasesa kale.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya Atate. Mwambo mukuudziwa kuposa ine. Mkazi akamwalira, mkamwini sachoka pamudzi ndipo sakagona kwina mpaka abale a mkaziyo atafulula mowa, n'kumumeta kachiwiri, nkhoswe n'kumupatsa kandalama m'manja pamodzi ndi nkhwangwa yomwe anabwera nayo, n'kumuuza pagulu kuti takusudzulani. Nkhoswe ya ukwati wanu ndi amalume a Zakeyo, palibenso wina wotsala. Iwowo ndi amene anakalandira Atate pamene anabwera kuchokera ku Sinda ali mnyamata, ndipo ndi iwowo oyenera kuwamasula. Amalume ali m'waya, Atate anakhala akudikira. Tsitsi lawo silinakhudzidwe ndi lezala chimetereni chija cha pamaliro, linakula n'kupotana, loyera mbuu, ndevu mpaka pachifuwa. Ana a Marita ankawathawa.

Akanangokhala akudikira bwinobwino sindikanavutika. Koma chifuwa chinawagwira nyengo yozizira, kenaka anayamba kulavula magazi n'kumakwirira ndi phazi kuti ndisaone. Ndinawakweza pangolo ya a Petulo oyandikana nafe aja mpaka kumsewu, basi mpaka kuchipatala ku Katete. Adokotala anati n'chifuwa chachikulu, chimafuna jekeseni tsiku ndi tsiku kwa miyezi, osadumphitsa. Anati agonekedwe pompo, kapena akakhale pafupi ndi chipatala chaching'ono. Ndinasangalala, chifukwa mudzi wa azakhali, mlongo wawo wa Atate, uli pafupi ndi chipatala cha ku Sinda, munthu amafika madzi ali pamoto asanawire. Atate anamvetsera zonse mwaulemu, anathokoza adokotala, n'kutola chipewa chawo. Panja anandiuza kuti, “Amake Lute, tiyeni tifulumire, basi ingatisiye. Ine sindigona kunja kwa mudzi wa amayi anu.”

Azakhali anabwera kawiri. Ulendo wachiwiri anachita kukalipa mudzi wonse ukumva. “Achimwene, mufera mwambo kodi? Aginesi anapita, akuonani ali kuti? Zakeyo wanuyo adzatuluka liti m'wayamo?” Atate anangoti, “Ndinalowa pamudzi pano masana anthu akuona. Sindituluka ngati wakuba nkhuku.” Ine ndinayesa kuwanyengerera, ndinayesa kuwaopseza, ndinalira, ndinakhala masiku awiri osawalankhula. Anandiyankha kamodzi kokha. Anati, “Zaka zonsezi amayi anu sanandichititsepo manyazi pagulu. Ndikawachititse manyazi ine lero poti sangathe kuyankha?” Munawalodza ndi chiyani bambo amenewa, Amayi? Inu amene munkawakalipira tsiku ndi tsiku chifukwa cha fodya wawo?

Ndinaona kuti akutha ndikuwayang'ana. Malaya anayamba kuwalendewera, phala ankasiya theka. Ndiye ndinamufunsa Marita kuti munthu angawaone bwanji amalume. Poyamba anakana, anati ndapenga. Kenaka anandiuza kuti dzuwa likakwera pang'ono amayi a m'waya amatulutsidwa kukatunga madzi pachitsime cha pamkuyu, asilikali akuwalondera, ndipo nthawi yomweyo madoda amawayendetsa pamsewu wa malole akusesa ndi nthambi, kuti ngati anyamata a m'tchire akwirirapo bomba liyambe laphulikira iwo. Anati ndiyende pamiyala yokhayokha, ndisaponde dothi mpaka pamkuyu, chifukwa pamwala palibe angakwirire kanthu. Anandibwereka chitenje chake chakutha chija kuti ndifanane ndi a m'waya, n'kundimangira pakona pake kandalama kamodzi ka Chipwitikizi komwe anathawa nako, kuti mwina mlonda angafune kanthu. Bambo a Lute ndinawauza kuti ndikukafuna nkhuni.

Ndinawoloka m'mawa, mtsuko pamutu. Ndinalumpha mwala ndi mwala ngati mwana wosewera, mayi wokhala ndi mdzukulu ine, thukuta lili kamukamu. Nditakwera mtunda ndinayang'ana kumanda, ndipo apa mundikhululukire, ndiyenera kukuuzani. Msitu uja kulibe. Mitengo yonse yomwe palibe mwana wa mbumba yathu anaidulapo ngakhale nthambi, asilikali anaigwetsa n'kuitentha kuti anyamata a m'tchire asabisalemo. Kwatsala zitsa zakuda ndi mitumbira poyera. Wanu ndinauzindikira chifukwa cha mbale yoyera ija tinaiboola n'kuivundikira pamwamba. Muli padzuwa, Amayi, inu amene munkasuntha mphasa katatu patsiku kutsata mthunzi. Panali pafupi, munthu akanatha kukuitanani n'kumva, koma pakati pathu panali dothi lokhalokha ndipo sindinaponde.

Pachitsime ndinalowerera m'gulu la amayi. Ena anandizindikira, palibe anatsegula pakamwa, anangondipatsa malo pamzere. Alonda anali awiri, wina wakuda wolankhula chinenero chathu chomwechi, wina mzungu. Mzunguyo anali kamwana, Amayi, wocheperapo kwa Filipo, mphuno itasupuka ndi dzuwa, milomo itang'ambika, mfuti ikumulemera. Anandilozera chikho changa n'kulozanso pakamwa pake. Ndinatunga n'kumupatsa ndi manja awiri monga munandiphunzitsira, dzanja linachita zake mtima usanavomere. Anamwa madzi akutsikira m'khosi, n'kunena mawu ena ake. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha chikho chimenecho, ndiponso ndimadzifunsa ngati amayi ake akudziwa kumene mwana wawo akumwa madzi.

Kenaka madoda anatulukira pamsewu, mzere umodzi, aliyense ndi nthambi yake, lole ikubwera pang'onopang'ono kumbuyo kwawo. Amalume anali achitatu. Munthu uja ankadzaza khomo akamalowa m'nyumba, lero nthiti zili pamtunda, kabudula womanga ndi luzi. Marita anandichenjeza kuti ndisawalankhule poyera, ndidikire akapume pansi pa mkuyu, ndiwayandikire ngati ndikuwapatsa madzi. Ndinamva, ndinavomera, njira yonse ndinkadzikumbutsa. Koma Amayi, munandilera ndinu. Ndi liti ndinawaonapo amalume akudutsa ine n'kukhala chiimire? Mawondo anapinda okha. Ndinapezeka ndagwada m'mbali mwa msewu, ndikuomba m'manja, pakamwa patatuluka kale kuti, “Amalume.”

Amayi onse pachitsime anali chiimire, wogwada ndinali ine ndekha. Msilikali wakuda uja anabwera n'kuwafunsa amalume kuti, “Mdala, uyu ndani? Sindinamuonepo m'kati.” Amalume anandiyang'ana m'maso momwe, nkhope osasintha. Anati, “Sindimudziwa. Ndi wamisala wa kuno, amagwadira aliyense.” Kenaka anandikalipira ine, mawu aja munkawadziwa. “Choka apa iwe! Choka, usatitsekere njira!” Anandikankha ndi nthambi yosesera ija fumbi n'kundilowa m'maso. Ndikudziwa chifukwa chake anatero, simuyenera kundiuza. Koma chibadwire changa amalume anali asananditchulepo kuti iwe wopanda dzina langa, ndipo zinandipweteka ngati andimenya ndi mpini.

Msilikaliyo anandigwira pamkono n'kundikokera kuseri kwa mkuyu. Ndinati basi ndapita. Koma analankhula motsitsa, akuyang'ana kwina. “Mayi, m'waya mulibe munthu wonenepa m'masaya ngati inu. Bwererani komwe mwachokera bwana asanatsike m'lole. Muziponda pamiyala.” Ndinasiya mtsuko pompo. Ndili pakati pa mtsinje ndinamva lole itaima, kenaka mawu a Chipwitikizi okalipa, kenaka munthu akubuula. Sindinacheuke. Sindikudziwa ngati anali amalume. Mayi wina amene anathawa sabata yathayi akuti sanawaonenso pamzere wa osesa, koma akuti mwina anawasinthira ku ntchito ina. Mawu akuti mwina amenewo ndimayenda nawo kumunda, kudambo, kulikonse. Ndinapita kukapempha mawu awiri okha, sindinawapeze, ndipo mwina ndinawapalamulira mlongo wanu tsoka chifukwa cha ulemu.

Nditafika kunyumba ndinapeza Atate ali pakhonde, atafunda bulangete dzuwa lili pamutu. Anayang'ana chitenje cha Marita, anayang'ana miyendo yanga yonyowa, anadziwa. Anati, “Mwawaona?” Ndinati ndawaona. Anati, “Ali moyo?” Ndinati ali moyo. Anakhosomola nthawi yaitali, atapuma anafunsa kuti, “Ati chiyani?” Amayi, njira yonse sindinakonze bodza lililonse, ndikulumbira. Koma dzanja langa linakhudza mfundo ya pakona pa chitenje, ndinamva kandalama kaja. Ndinamasula, ndinagwada, n'kuwaonetsa. Ndinati, “Amalume akuti sangathe kutuluka. Akuti mwadikira mokwanira, alamu awo. Apereka aka, akuti ndikusudzuleni ine m'malo mwawo, pakamwa panga pakhale pakamwa pawo.”

Atate anakatenga kandalamako n'kukatembenuza uku ndi uku. Anaona zilembo za Chipwitikizi, chinthu choti kuno sichipezeka m'thumba la munthu. Kenaka misozi inatsikira m'ndevu zija. Anati, “Zakeyo ndi munthu. Ali m'moto koma akukumbukira ine.” Marita anali pamtondo akusinja. Anasiya munsi, anayang'ana kandalama kake, anandiyang'ana ine, n'kuyambanso kusinja. Mpaka lero sanandifunse ndipo ine sindinamuuze.

Tinachita mwambowo Loweruka. Mowa panalibe, ndinaphika thobwa mtsuko umodzi wokha, la chimanga, lopanda ndi chimera chokwanira chomwe. Anthu anabwera ochepa. A Petulo anang'ung'udza kuti chibadwire chawo sanaonepo mwana akusudzula atate ake omubala, ntchito imeneyo ndi ya nkhoswe. Atate ndi amene anawayankha, anatulutsa kandalama kaja n'kuwaonetsa. “Nkhoswe yalankhula. Kapena inu a Petulo mupite mukaifunse nokha?” A Petulo anakhala pansi. Ine ndinkangoyang'ana dothi, chifukwa Atate ankateteza bodza langa ndi mtima wawo wonse.

Ndinawameta ndekha. Ndinayamba ndi sizasi chifukwa lezala silikanalowa, kenaka madzi ofunda ndi sopo. Mutu wawo unali waung'ono m'manja mwanga, mitsempha ikuoneka, kuseri kwa khutu kuli chipsera chomwe sindinkachidziwa. Nditamaliza ndinatenga nkhwangwa yawo yakale ija, ya mpini wosalala, ndinagwada n'kuiika patsogolo pawo. Mawu ndinkawadziwa, ndinawamvapo amalume akuwanena kwa ena. Ndinati, “Munabwera bwino, mwakhala nafe bwino, mwatisungira mlongo wathu mpaka tsiku lake. Ife a mbumba tilibe nanu mlandu. Takusudzulani. Mukafuna kupita pitani, mukafuna kubwera khomo ndi lanu.” Pa mawu akuti mlongo wathu lilime linandilemera, chifukwa ndinali kunena za inu, amayi anga, ndi pakamwa pobwereka popanda mwini wake kudziwa. Atate anaomba m'manja katatu, anthu anayankha, Lute analuluta mwana ali kubere.

Lolemba tinawakweza pangolo ndi kabokosi kawo, bulangete ndi nkhwangwa. Anapempha kuti ngolo idzere pachulu. Anaima nthawi ndithu akuyang'ana tsidya, mutu wometawo uli pamtunda, chipewa m'manja. Maso awo saonanso patali, ndipo za mitengo ija sindinawauze. Anati, “Amayi anu ali pamthunzi wabwino paja.” Ndinati eya. Limenelo ndi bodza lachiwiri, muliwerengere pamodzi ndi loyamba lija. Pamsewu basi itaima, atakwera kale phazi limodzi, anatembenuka n'kundigwira dzanja. Anati, “Amake Lute, mukadzawaonanso amalume anu, mudzawauze kuti ndinalandira, ndipo ndapita wopanda chodandaula.”

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiyambireni jekeseni. Azakhali atumiza mawu kuti akudya, dzulo anapempha okha nsima ya mgaiwa, ndipo ayambanso kukangana nawo za fodya. Koma akutinso magazi sanaleke, ndipo a kuchipatala anapukusa mutu kuti anachedwa kubwera. Ndiye sindikudziwa, Amayi. Mwina ndawapulumutsa, mwina ndangowasamutsa kuti akafere kwa mlongo wawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti akanakhala pano sakanaona chimanga chachiwisi.

N'chifukwa chake ndakulemberani mofulumira chonchi, ndisanafolere ndi khitchini yomwe. Inu bodza munkalimva fungo munthu akadali kuchipata, ndiye palibe chomwe ndikanakubisirani. Koma Atate angathe kufika kumeneko ine ndisanafike, ndipo ndikuwadziwa, akangokuonani adzayamba kukufotokozerani monyadira kuti sanachoke ngati wakuba, anadikira mpaka Zakeyo anawamasula. Ndikukupemphani, Amayi, ndagwada pamene ndikulemba pano. Musadzawatsutse. Inu simunkatha kusunga mawu m'kamwa, koma awa okha musunge. Iwo sanalakwe kanthu, anakusungirani ulemu mpaka magazi. Ngati mwambo wasweka, waswa ndine. Ngati pali mkwiyo, usapite ku Sinda, usakhudze Lute kapena kamwana kali ndi dzina lanu. Bwerani kwa ine, nyumba mukuidziwa, ndimagona mbali ya kukhomo.

Ndipo ngati amalume afika kale kumeneko, poti ine sindikudziwa, muwauze kuti Jesina anabwereka pakamwa pawo osapempha, muwafunse ngati akanakana.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri, makamaka masiku ano pamene ndikufuna munthu wondikalipira kuti khala pansi. Ndikulonjeza kuti tsiku lomwe waya uja adzagwe, amalume akadzatuluka ali moyo, ndidzagwada pamaso pawo anthu onse akuona, ndidzaulula zonse, ndipo ndidzawapempha anene mawu aja ndi pakamwa pawo, Atate akhale alipo kapena palibe. Kufikira tsiku limenelo, nkhaniyi ili pakati pa inu ndi ine.

Ndine mwana wanu,
Jesina